Buku la zojambula kuno kunyanja: kulisoka, kulipaka penti ndi kumatamo zidutswa

Tsamba limodzi la buku lingathe kunyamula bwato wojambulidwa ndi pensulo, madzi a nyanja opakidwa penti, kachidutswa ka chitenje komatidwa pamene payenera kukhala mayi wosenza beseni la usipa, ndiponso mizere iwiri yonena tsiku ndi mphepo imene inkawomba. Buku lotere ndi la mwiniwake. Salipachika pakhoma, saligulitsa kwa alendo ku Cape Maclear, ndipo palibe mphunzitsi wodzalichonga. Ntchito yake n'kuzoloweretsa maso ndi dzanja kuona bwino malo amene munthu ukukhala.

Ambiri amene amayamba n'kulekera panjira amadandaula kuti alibe luso, koma ukaona masamba awo umapeza kuti vuto ndi kusakaniza zonyowa ndi zouma mosatsata ndondomeko. Alemba ndi inki, kenako apaka madzi, inki n'kuyenderera. Amata ndi guluu, kenako afuna kupaka penti pamwamba, penti n'kukana. Kuno ku Mangochi pamawonjezekanso kutentha kumene kumaumitsa penti bulashi isanafike kumapeto kwa tsamba, ndi chinyezi cha m'dzinja chimene chimabweretsa chuku. Ndiye malangizowa ndawayala motsatira mmene ntchito iyenera kuyendera pa tsamba: pensulo poyamba, penti wa madzi pambuyo pake, kenako zomata, ndipo bolopeni ndi mawu zibwere komaliza.

Pepala ndi kusoka buku

Pepala ndilo limalamula zonse. La A4 lija amagwiritsa ntchito popanga fotokope kawirikawiri limakhala la magalamu 80, nambala imene imalembedwa pa paketi. Limalandira bwino pensulo ndi bolopeni, koma likangolawa madzi limakwinyika. Pepala lenileni la penti wa madzi limakhala la magalamu 300, lokhuthala komanso lokhakhala pang'ono. Ngati pali wachibale amene akupita ku Blantyre kapena ku Lilongwe, mutumeni akakuyang'anireni. Koma musakhale pansi kudikira limenelo. Pepala la manila loyera, lija aphunzitsi amalembapo matchati a m'kalasi, limapirira madzi mokwanira kuti munthu aphunzirepo, bola osapakapo mobwerezabwereza malo amodzi.

Pepala la bulauni la matumba a simenti, pamene mungalipeze, ndi lolimba kwambiri. Tengani chigawo chimene sichinakhudzane ndi simentiyo, chikung'untheni bwino, muchipukute ndi kansalu kouma. Penti wa madzi saoneka bwino pa pepala lotere chifukwa amathimbirira, koma makala ndi choko choyera zimawala mochititsa kaso. Kusakaniza mapepala a mitundu iwiri kapena itatu m'buku limodzi n'kwabwino, chifukwa tsamba lililonse limakupatsani ntchito yosiyana.

Ine ndimalimbikitsa kusoka buku lanu m'malo mogula hadikava. Hadikava ili ndi masamba ambiri opyapyala, ndipo mukamatamo zinthu imatupa mpaka msana wake kung'ambika. Kusokako n'kosavuta. Dulani mapepala asanu a msinkhu wa A4, muwasanjikize, muwapinde pakati onse pamodzi. Mwapeza kabuku ka masamba 20 a msinkhu wa A5, umene munthu angamalize tsamba lake pa ulendo umodzi. Chikuto chake dulani ku katoni yopyapyala ya sopo kapena ya tiyi, chokulirapo pang'ono kuposa mapepalawo, ndipo ngati mukufuna chikuteni ndi chitenje chakale.

Tsegulani kabukuko pakati penipeni, mubowole mabowo atatu pa mzere wopindawo ndi singano yaikulu: limodzi pakati, ena awiri chapamwamba ndi chapansi, masentimita atatu kuchokera m'mphepete. Ulusi wabwino ndi uja asodzi amasokera maukonde, chifukwa suduka wamba. Yambirani mkati, mutulutse singano pa bowo lapakati, n'kusiya kamchira ka ulusi mkatimo. Lowetsani singano pa bowo lapamwamba, muyendetse ulusi mkati mwa buku mpaka pa bowo lapansi, kulumpha lapakati lija. Tulukirani pansipo, kenako mubwerere mkati kudzera pa bowo lapakati. Tsopano muli ndi michira iwiri mkati. Onetsetsani kuti ulusi wautali uja uli pakati pa michirayo, mukoke mpaka ulimbe, mumange mfundo ziwiri. Buku latha.

Zida zina, ndi tsamba loyesera

Pensulo ziwiri zakwana: ya HB ya mizere yopepuka, ndi ya 2B yofewa ya malo akuda. Pezani chofufutira choyera, lezala losongolera, bolopeni yakuda, kandulo yoyera, kansalu kopukutira, zopanira zovala ziwiri zogwirira masamba mphepo ikamawomba, ndi kambale koyera kosakanizira penti. Penti wake ndi uja wa ana asukulu wa m'kabokosi ka mitundu 12. Si wapamwamba, amatuwa pang'ono akauma, koma kuphunzirira amakwana. Kabulashi kamene kamabwera m'bokosimo nthawi zambiri n'kachabechabe. Ngati pali poti muwonongepo ndalama ndi pamenepa: gulani bulashi yozungulira ya nambala 8 imene ikanyowa nsonga yake imasongoka. Ikhale ya penti yokha, isakhudze guluu. Muzinyamula madzi m'tizitini tiwiri, kena kotsukira bulashi, kena ka madzi oyera osakanizira.

Tsamba lomaliza la buku mulisandutse loyesera. Lembanipo mzere ndi cholembera chilichonse chimene muli nacho, mudikire mphindi zisanu, kenako mudutsitsepo bulashi yonyowa. Mudzaona kuti bolopeni wamba siyenderera chifukwa inki yake ndi ya mafuta, pamene zolembera zambiri za inki yamadzimadzi zimasungunuka n'kudetsa pepala. Maka ija imalembedwa kuti siifufutika imapirira madzi, koma imabowolera kuseri kwa tsamba. Pakaninso timabokosi ta mtundu uliwonse wa penti kuti mudziwe mmene umaonekera ukauma. Tsamba limeneli mudzabwererako kawirikawiri.

Kujambula ndi pensulo

Sankhani chinthu chimodzi. Munthu ukafika padoko m'mawa, mabwato akukocheza, amayi akuyanika usipa pa mathandala, akabaza akudikira katundu, mtima umafuna kuika zonsezo pa tsamba. Zotsatira zake ndi tizinthu ting'onoting'ono tambiri topanda mutu. Sankhani bwato umodzi umene wakokedwera pamchenga, ukhale waukulu pa tsamba, zina zonse zikhale zoperekeza.

Musanatulutse buku, perekani moni kwa eni malo. "Bambo, mwadzuka bwanji? Ndimati ndijambule bwato wanuwu ndi pensulo m'kabuku kanga, mundilola?" Ambiri amaseka n'kuvomera, ena amakusunthirani nkhafi kuti ioneke bwino. Wokana, musiyeni. Anthu amene akusamba kapena kuchapa m'mphepete mwa nyanja musawajambule, ndipo malo opempherera muziyamba mwafunsa akuluakulu a pamalopo. Ngati mwakhala m'mbali mwa Shire, khalani patali ndi mabango, chifukwa munthu amene maso ali pa pepala saona ng'ona.

Bwato wosema umanyenga. Maso amakuuzani kuti ndi waufupi ndiponso wonenepa, pamene ndi wautali kwambiri. Yezani. Tambasulani mkono wonse mutagwira pensulo choimika, mutsinzine diso limodzi, nsonga ya pensulo ifanane ndi pamwamba pa bwato, chala chachikulu chitsike mpaka pamene bwato wakhudza mchenga. Umenewo ndiwo msinkhu wake. Tsopano gonekani pensulo, chala chisasunthe, muwerenge kuti msinkhuwo ukulowa kangati m'litali mwa bwato. Ngati ukulowa kasanu ndi kawiri, pa pepala pakhalenso chimodzimodzi. Ikani timadontho tinayi posonyeza mutu, mchira, pamwamba ndi pansi, kenako mulumikize ndi mizere yopepuka ya HB. Musakanikize, pakuti mzere wokanikiza umasiya ngalande imene penti amadzakhalamo.

Kenako yang'anani zimene zimasiyanitsa bwato umenewu ndi ena: milomo yake yopindikira mkati, chigamba cha lata chokhomedwa ndi misomali pamene panang'aluka, chingwe chomangidwa kumutu, chigubu chodula chokapira madzi. Zimenezi n'zimene zimachititsa kuti mwini wake akasuzumira anene kuti, "Eya, ndi wangadi uwu." Chithunzithunzi cha pansi pa bwato musachiiwale. Popanda icho bwato umaoneka woyandama m'malere.

Usipa wa pathandala musawerenge umodziumodzi. Jambulani nsomba khumi zapafupi ndi inu mosamala, zotsalazo zikhale timizere tating'ono tomwe tikunka tichepa. Anthu oyenda ajambuleni mwachangu, osapitirira theka la mphindi: kupendekeka kwa msana, katundu wa pamutu, pamene phazi laponda. Nkhope isiyeni. Wakabaza muyambe ndi matayala awiri, munthuyo abwere pambuyo.

Amene akufuna kuphunzira mizere yowongoka apite pa nsanja ya wotchi ya pa boma, pafupi ndi mlatho wa Bakili Muluzi, imene inamangidwa pokumbukira Mfumukazi Victoria tauniyi ikutchedwa Fort Johnston. Nsanjayo siyenda, siitopa, ndipo pambali pake pali mfuti ya sitima ya pamadzi yotchedwa Guendolen imene ndi phunziro labwino la zinthu zozungulira. Njerwa zake musajambule zonse, zingapo za pakona zakwana.

Ana adzakuunjikirani, zimenezo musakayike. Nyamulani mapepala otsala ndi kapensulo kakafupi muwapatse, apo ayi mudzamva mpweya wawo m'khosi mpaka mumalize.

Kupaka penti wa madzi

Apa ndi pamene pamafunika kudekha. Malamulo ake ndi atatu. Choyera ndi pepala lenilenilo, ndiye pamene mukufuna kuti pakhale poyera musapakepo. Muyambe ndi mitundu yopepuka, yakuda ibwere pambuyo, chifukwa penti wa madzi saphimba chakuda ndi chowala. Ndipo penti akauma amawala kuposa mmene amaonekera ali wonyowa, choncho musachite mantha akaoneka wakuda pang'ono poyamba.

Khalani pamthunzi. Mu Okutobala ndi Novembala, dzuwa la kuno limaumitsa tsamba m'kanthawi kochepa, ndipo penti akauma pakati pa ntchito amasiya mzere woipa umene sufufutika. Nthawi yabwino ndi m'mamawa kapena chakumadzulo. Dontheretsani madzi pa mitundu imene mugwiritse ntchito, mudikire pang'ono kuti ifewe. Sakanizani penti m'kambale wochuluka kuposa amene mukuganiza kuti akwana, chifukwa kusakaniza wina pakati pa ntchito n'kumene kumabweretsa mizere ija. Penti woyamba akhale wamadzimadzi ngati tiyi wopanda mkaka.

Yambani ndi thambo. Panani masamba ndi zopanira, mupendeketse buku pang'ono pa bondo kuti kumtunda kukwere. Dzazani bulashi, mukoke mzere umodzi kuchokera kumanzere kupita kumanja pamwamba pa tsamba. Mudzaona kuti m'munsi mwa mzerewo mwasonkhana kamadzi konyezimira. Kamadzi kameneko ndiko chuma chanu. Viikaninso bulashi, mukoke mzere wachiwiri wokhudza kamadziko, katsike nanu. Pitirizani choncho, ndipo pamene mukutsika muzionjezera madzi oyera m'kambale kuti thambo lizinka liwala, pakuti pafupi ndi nyanja thambo limakhala lotuwa kuposa pamwamba pa mutu. Mukafika pomalizira, pukutani bulashi pa kansalu, muyamwitse kamadzi kotsalako. Mukakasiya kamabwerera m'mwamba n'kusiya banga. Ndipo musabwererenso kukakonza pamene payamba kuuma. Bulashi ikabwerera, imangowononga. Mitambo mungaitulutse podinda ndi kansalu kouma penti akadali wonyowa.

Mzere umene nyanja imakumana ndi thambo ukhale wowongoka ndithu, ndipo musauike pakati penipeni pa tsamba. Ukwezeni ngati nkhani yanu ndi bwato ndi mchenga, utsitseni ngati nkhani ndi mitambo ya mvula. Dikirani thambo liume musanapake nyanja, apo ayi ziwirizi zidzalowerana.

Nyanja si yabuluu yokhayokha, ngakhale ana onse asukulu amaipaka choncho. Imani ku Makawa kapena ku Nkopola muyang'anitsitse. Pafupi ndi mapazi anu madzi amaonetsa mchenga, ndiye ndi achikasu chotuwa chosakanikirana ndi kubiriwira pang'ono. Mukapita patsogolo amabiriwira, ndipo kutali n'kumene kuli buluu weniweni. Nthawi ya mwera, kuyambira cha mu Meyi mpaka mu Ogasiti, nyanja imada n'kukhala yotuwa, mafunde ake ali ndi thovu loyera pamwamba. Mtundu wotuwawo musaupange ndi penti wakuda, amapha tsamba. Sakanizani buluu ndi bulauni, mudzapeza kutuwa kwamoyo kumene mungakukokere ku buluu kapena ku bulauni mmene mukufunira. Shire nthawi ya mvula amafuna bulauni wambiri, ndi timagulu tobiriwira ta namasupuni toyandama.

Thovu la mafunde ndi pamene kandulo imagwira ntchito. Musanapake penti, songolani kandulo yoyera ndi lezala, mulembe nayo timizere tafupitafupi pamene mukufuna thovu. Simudzationa bwino, pendeketsani tsamba ku kuwala kuti mudziwe pamene mwadutsa. Mukapaka buluu pamwamba, penti amathawa phulalo ndipo timizere toyera timatulukira tokha. Kumbukirani kuti pamene padutsa kandulo sipadzalandiranso penti, guluu kapena bolopeni, ndiye musachulutse. Njira yomweyi imathandiza pojambula nyali za asodzi a usipa usiku: timadontho ta kandulo, kenako buluu wosakaniza ndi bulauni, wokhuthala, pamwamba pake.

Mapiri a kutsidya, monga a ku Namwera, apakeni mopepuka ndi buluu wosakaniza kofiira pang'ono. Chinthu chikatalikira chimatuwa n'kumapita ku buluu, ndipo mu Seputembala ndi Okutobala, utsi wa moto wa m'tchire ukadzaza mlengalenga, mapiriwo amangotsala pang'ono kuzimiririka. Mukawapaka mobiriwira kwambiri amalumphira kutsogolo n'kukhala pamwamba pa bwato. Zobiriwira za m'bokosi n'zokuwa kwambiri. Masamba a mgwalangwa amafuna kubiriwira kothira bulauni pang'ono, ndipo thunthu la mlambe si labulauni ayi, ndi lotuwa mopita ku kufiira.

Zoyamba zikauma, bwererani ndi penti wokhuthala pang'ono pa bwato, mkati mwake, ndi chithunzithunzi chake. Kuti mudziwe ngati pauma, gwirani ndi kuseri kwa chala. Pakazizira ndiye kuti mkati mwa pepala mukadali madzi. Kupaka kawiri kapena katatu kwakwana. Pa manila mukapitirira apo pepala limayamba kunyotsoka.

Mchere umapanga timaluwa toyera mukauwaza pa penti amene akadali kunyezimira, ndipo umaoneka bwino pa mchenga wonyowa. Ukauma uchotseni wonse, chifukwa mchere wotsala umakoka chinyezi m'dzinja.

Mitundu ina ili kukhitchini. Tiyi wowiritsa kwambiri amapereka mtundu wa mchenga ndi wa nsungwi za thandala umene penti wa m'bokosi amavutika kuupeza. Chidede chouma mukachiviika m'madzi otentha ochepa chimatulutsa kufiira, koma pa mapepala ambiri kufiirako kumasanduka pepo kapena kutuwa kukamauma. Kadontho ka madzi a phulusa kamachitembenuzira ku kubiriwira, ka mandimu kamachibwezera ku kufiira. Katondo wosefa bwino, wopera mpaka asalale, amafuna chomugwiritsa pa pepala. Penti wa m'sitolo amamugwiritsa ndi utomoni wa mitengo ya mtundu wa mthethe, ndiye utomoni wotere wosungunula m'madzi ofunda, kapena kadontho ka guluu woyera, zimathandiza. Mitundu ya zomera imasuluka ikakhala padzuwa, koma m'buku lotseka imakhalitsa.

Kumata zidutswa

Tsamba liume kotheratu musanabweretse guluu. Guluu wabwino ndi woyera uja akalipentala amamatira matabwa, wopezeka mu hadiweya. Thirani magawo atatu a guluu ndi gawo limodzi la madzi, musakanize. Akauma saoneka. Guluu wa m'kamtengo kozungulira amathandiza pa mapepala opyapyala, koma nsalu saigwira ndipo m'kupita kwa nthawi zidutswa zimamatuka. Selotepi imasanduka yachikasu n'kusiya banga, ndipo guluu womatira nsapato kapena supaguluu asayandikire buku lanu. Phala la ufa wa chinangwa kapena wa tirigu, supuni imodzi ya ufa m'masupuni asanu a madzi, lophikidwa mpaka lilimbe pang'ono, limamata bwino kwambiri mapepala. Kuipa kwake n'kwakuti mphemvu zimalikonda, ndipo limasasa msanga, ndiye muziphika lochepa la tsiku lomwelo.

Zomata zili paliponse. Pitani kwa telala mupemphe tizidutswa ta zitenje timene amasesa madzulo. Sungani tikiti ya basi ya ku Monkey Bay, khadi la mayunitsi lokanda kale, chikuto cha bokosi la machesi, pepala la nyuzi limene anakukulungirani zitumbuwa ngati silinalowe mafuta, kachidutswa ka ukonde wotha, ulusi, nthenga ya nkhanga. Ikani zonsezi mu envulopu imene mungamate mkati mwa chikuto chakumbuyo.

Musathamangire kumata. Yalani zidutswazo pa tsamba zili zouma, muzisunthe uku ndi uku. Tengani chitsanzo cha tsamba la bwato lija. Mayi amene munamujambula mwachangu ali chiimire pambali, dulani kachitenje kofanana ndi thupi lake kuyambira m'chiuno mpaka m'miyendo, mukaike pamenepo. Sankhani mbali ya nsalu imene maluwa ake ndi ang'onoang'ono, chifukwa duwa lalikulu pa munthu wa masentimita asanu silioneka kuti ndi chitenje. Kachidutswa ka ukonde kagone kuchokera m'bwato kugwera pamchenga. Tikiti ya basi ikhale pakona, mbali yake ina italowa pansi pa ukondewo. Zidutswa zikamakhudzana kapena kusanjikizana zimaoneka kuti ndi banja limodzi, koma zikamwazikana chilichonse pachokha tsamba limaoneka la mwana wa sukulu ya mkaka. Zitatu kapena zinayi zakwana. Penti amene munavutika naye uja asakwiririke yense.

Pepala long'amba ndi manja limasiya m'mphepete mofewa, moyera, mokhala bwino pa mapiri ndi mafunde. Lodula ndi sizasi limayenera zinthu zopangidwa ndi anthu, monga denga la malata kapena chikwangwani.

Pakani guluu kuseri kwa chidutswa, osati pa tsamba, mutachigoneka pa nyuzi yakale. Gwiritsani ntchito chala kapena kakatoni, kuyambira pakati kupita m'mphepete, mopyapyala. Ikani pamalo pake, muphimbe ndi pulasitiki ya paketi ya shuga, musisite ndi kuseri kwa supuni. Guluu wotuluka m'mbali mupukuteni msanga, chifukwa pamene iye waumira penti sagwirapo. Nsalu imafuna guluu wosathira madzi, wochepa, kuti asabowolere kumaso kwake. Mchenga umamatika mukapaka guluu pa tsamba, n'kuwaza, n'kukung'untha ukauma, koma uzikhala wochepa ndiponso wosefa, chifukwa umakanda tsamba loyang'anizana nalo.

Pali zina zosayenera kumata. Malisiti oterera aja otuluka m'makina a m'mashopu ndi pomwetsera mafuta amafufutika okha, ndipo kutentha kumawadetsa, ndiye ngati mawu ake ndi ofunika akopereni ndi bolopeni. Masamba a mitengo ndi maluwa aziyamba auma pakati pa nyuzi, pansi pa chinthu cholemera, kwa sabata ziwiri, apo ayi amaola m'buku. Mamba a chambo amanyezimira bwino koma atsukeni ndi sopo, aume ndithu, chifukwa nyerere sizichedwa kumva. Ndalama zamapepala si zomata. Chilichonse chokhala ndi nambala ya foni kapena dzina la munthu wina chichotseni mbali imeneyo, buku limagwidwa ndi anthu ambiri. Ndipo mukapita ku Lake Malawi National Park, amene bungwe la UNESCO linamuika pa mndandanda wa malo ofunika pa dziko lonse mu 1984, zigoba, zomera ndi miyala zisiyeni pomwepo. Nsomba za mbuna zijambuleni, tikiti yolowera ndiyo mumate.

Bolopeni ndi mawu

Guluu akauma, tengani bolopeni. Musazungulize chinthu chilichonse ndi mzere wakuda. Limbitsani malo ochepa okha: pansi pa bwato, misomali ya pa chigamba, mfundo ya chingwe, manja a mayi uja pamene agwira beseni. Mzere wina uyambire pa pepala n'kukwera pa nsalu kapena pa tikiti, zimenezo zimamangiriza zomata ku chojambula.

Kenako lembani. Tsiku, malo, nthawi, mphepo ngati ndi mwera kapena mpoto, mtengo wa usipa pa beseni tsikulo, mawu amene munamva wina akunena. Lembani m'Chichewa, m'Chiyao, m'chilankhulo chimene mawuwo anabwera nacho. Mawu angayende motsatira mzere wa nyanja kapena kuzungulira m'mphepete mwa tsamba. Patatha zaka zitatu mudzapeza kuti mtengo wa usipa uja ukukusangalatsani kuposa chojambulacho.

Tsamba limene lakanika musaling'ambe, chifukwa m'buku losoka mukang'amba limodzi linzake la kutsidya limagwa. Limateni pepala la simenti pamwamba, kusiya kambali kamene kanakoma kakuonekera, mujambulepo china ndi makala.

Kuumitsa ndi kusunga

Buku lisatsekedwe tsamba lili lonyowa. Lisiyeni lotsegula pamthunzi podutsa mphepo, osati padzuwa, pakuti dzuwa limapinda pepala. Likauma, ikani pulasitiki yoyera pakati pa masamba, mutseke, musanjikepo mabuku olemera kapena njerwa yokulunga m'nsalu usiku wonse. M'mawa makwinya ambiri amakhala atatha.

Guluu woyera ali ndi khalidwe limodzi loipa kuno kotentha: ngakhale atauma, masamba awiri okhala ndi guluu pamwamba akakanikizana amagwirana, ndipo potsegula amang'ambika. Tsamba likatheratu, lisisiteni mopepuka ndi kandulo pamalo onyezimira guluu, kapena musiye kapepala kopyapyala pakati. Kapepala komweko kamatetezanso makala ndi pensulo ya 2B kuti zisadetse tsamba linzake.

Kuyambira Disembala mpaka Malichi mdani ndi chuku. Musasunge buku m'jumbo yomanga ngati simunatsimikize kuti lauma, chifukwa mumatsekera chinyezi momwemo. Chitini cha mabisiketi chokhala ndi chivindikiro chimaletsa mphemvu ndi mbewa, ndipo timapaketi tating'ono toyamwa chinyezi timene timabwera m'mabokosi a nsapato mungatiponye momwemo. Chitinicho chikhale pa shelefu, osati pansi kapena chotsamira khoma, kumene chiswe chimadutsa. Tsiku limene kwacha bwino tulutsani mabuku onse, muwatsegule pakhonde kwa ola limodzi. Mukaona timadontho totuwa kapena kumva fungo la chinyezi, patulani bukulo kwa anzake, liume kaye, kenako mupukute chukucho panja ndi kansalu kouma, mphuno mutaphimba. Bulashi muziitsuka ndi sopo mukamaliza, muisongole nsonga ndi zala, iume chogona, ndipo bokosi la penti muzilitseka pokhapokha mitundu yake itauma.